Mkamwini Amene Anapeta Mawu a Apongozi Ake

Pa maliro a mwamuna wanga abusa ananena kuti Verneri Saarivirta anali mlonda wa chinenero chathu. Ine ndinali pabenchi yakutsogolo nditaphimba kukamwa ndi mpango, ndipo anthu ankaganiza kuti ndikulira. Ndinkaluma mpangowo kuti ndisatukwane m'tchalitchi. Mlonda wanji amene amatentha zimene am'patsa kuti alondere?

Ndinakhala naye zaka makumi atatu ndi zinayi, ndiye ndiloleni ndimufotokoze ine amene ndinkachapa masokosi ake.

Anabwera m'mudzi mwathu mwa Luotokylä, m'dziko la Afinishi, mu 1927 kudzaphunzitsa pasukulu. Anali kamunthu kochepa, ka khosi lowonda, kolala yolimba ngati chitini, ndipo ankanunkha choko ngakhale Lamulungu. Dzina lake lobadwa nalo linali Werner Holmström. Bambo ake ankapanga migolo yosungira nsomba zamchere ndipo kunyumba kwawo ankayankhula Chiswidishi. Ali kukoleji ya aphunzitsi, mwana wa wopanga migoloyu anaona kuti magazi ake ndi a Chifinishi chenicheni, n'kutembenuza dzina. Kuyambira pamenepo munthu akam'patsa moni m'Chiswidishi ankasanduka gonthi. Pa ukwati wathu anakhazika bambo ake kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko, chifukwa Chifinishi chawo chinali chothyokathyoka. Ndikanayenera kuonera pomwepo, koma ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo mnyamatayo anali ndi njinga.

Ntchito yake yeniyeni sinali yophunzitsa ana kuwerenga, inali yokonza pakamwa pa anthu. Ankayenda ndi pensulo yofiira m'thumba. Ankakonza zolemba za pakhomo la tchalitchi, ankakonza mwini sitolo, ankakonza asodzi amene anali atangopulumuka ku namondwe. Mwana akatchula liwu lomveka ngati Chiswidishi ankamuimika pakona atanyamula chikuni. Ine ankandikonza pa chakudya. "Sitinena choncho, Hilja." M'mawa, masana, madzulo, "sitinena choncho, Hilja." Pofuna mtendere ndinaphunzira kuyankhula ngati buku la kalasi yachitatu, ndipo anzanga akale anayamba kunditchula kuti adona.

Munthu mmodzi yekha amene sankamukonza anali amayi anga, a Serafiia Karimaa, chifukwa ankawaopa. Amayi anali amasiye, amuna awo anatsala m'nyanja. Ankakhala okha m'kanyumba kofiira ka pagombe, n'kumasoka maukonde a anthu ndi kuweta nkhosa zisanu ndi zinayi. Katekisimu ankawerenga, koma kulemba ayi. Pakamwa pawo ndiye panali podzaza. Chingwe chilichonse cha bwato chinali ndi dzina lake, ayezi wa mtundu uliwonse dzina lake, ubweya wa pamsana dzina lake, wa pamimba dzina lake. Ambiri mwa mawuwo anawamva kwa agogo awo, ndipo m'mudzimo munalibenso wina wowatchula.

Mu 1931 bungwe lina la ku Helsinki linapempha aphunzitsi a kumidzi kuti asonkhanitse mawu a nkhalamba, adzalowe m'buku lalikulu la zinenero za madera onse. Anatumiza timapepala todulidwa bwino. Kapepala kamodzi, liwu limodzi, tanthauzo lake, chiganizo chosonyeza mmene munthuyo analitchulira, ndi dzina la munthuyo. Panalinso malangizo akuti lembani zonse monga mwamvera, musasiye kanthu, musakonze kanthu. Verneri anandiwerengera malangizowo mokweza, n'kuwapinda, n'kunena kuti amenewa alembera anthu osaphunzira. Ndidziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tinapita limodzi kwa amayi, iye atavala chipewa cha kutchalitchi.

"Apongozi, dziko likufuna mawu anu," anatero.

"Dziko limenelo likanayamba landikonzera denga, likudontha," amayi anayankha osakweza maso pa ukonde.

"Adzawalemba m'buku lalikulu, ndi dzina lanu pambali."

"Dzina langa lenileni, aphunzitsi, kapena mudzandisokera latsopano?"

Verneri anatsokomola n'kutuluka, ati kukaona njinga. Atatuluka amayi anaika ukonde pansi n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Hilja, n'zoona zimenezi? Ine nditawola munthu adzatsegula buku n'kupeza mmene ndinkatchulira zinthu?"

"N'zoona, amayi."

"Anzanga ondiyankha mawu amenewa onse ali kumanda. Ndimangowanena kwa nkhosa. Ndiye muuze mwamuna wakoyo azibwera Lachitatu ndi Loweruka, koma azipukuta nsapato."

Sindinaonepo amayi akufuna chinthu ngati mmene anafunira bukulo. Sanasiye munda, sanasiye golide, bwato linapita ndi amuna awo. Chimene akanasiya padziko chinali mawuwo, ndipo ankadziwa zimenezo. Lachitatu ndi Loweruka masana ankavala mpango wa kutchalitchi, n'kuphika khofi weniweni wosasakaniza, n'kukhala chilili kudikira mkamwini amene sankamuwerengera n'komwe. Akakumbukira liwu mkati mwa sabata ankamanga mfundo pa ulusi kuti asaiwale. Masiku ena Verneri ankapeza ulusi wa mfundo makumi awiri.

Anachita zimenezi nyengo zachisanu zisanu. Nthawi zina ndinkakhalapo, ndikupota ubweya, n'kumamvera mmene ankakanganirana. Amayi akatchula liwu lofanana ndi Chiswidishi, Verneri ankakwinya mphuno ngati wanunkhiza nsomba yowola, ndipo amayi ankaona.

"Nanga nkhosa zangazi, aphunzitsi? Ife timati lammas, Aswidishi akutsidyawa amati lamm. Ndiziphe zonse poti n'zachilendo?"

"Limenelo anaba kwa ife, apongozi."

"Ooo! Anaba dzina n'kusiya nkhosa? Koma ndiye akuba aulemu."

Chaka chachitatu, tsiku lina nditabwera kuchokera kokama ng'ombe, ndinam'peza patebulo la kukhitchini ataunjika timapepala milu iwiri. Mulu umodzi ankaulongedza m'bokosi la nsapato. Winawo anausesera ndi dzanja m'dengu la nkhuni.

"Mukutani?" ndinafunsa.

"Ndikupeta."

"Amenewo si mawu a amayi?"

"Ndi zinyalala za Aswidishi zimene mafunde anatayira pagombe pano. Ndikawatumiza ku Helsinki akawaseka amayi ako. Akati nkhalamba ya lilime losakaniza. Ukufuna amayi ako asekedwe ndi anthu ophunzira?"

Khutu lake linali lakuthwa pa Chiswidishi, popeza ndicho anayamwa. Liwu likangokhala ndi kafungo kake, ngakhale pang'ono, linkapita m'dengu. Ambiri anali a bwato, a ukonde, a ubweya ndi a munda, omwe aja amene amayi ankawamangira mfundo.

Apa ndiye pamene ndimadzida. Sindinatole timapepalato. Sindinauze amayi. Ndinaganiza kuti munthu wopita kukoleji akudziwa chimene akuchita, komanso sindinkafuna kuti andikwiyire sabata yathunthu. Dengu la nkhuni linali langa, ndipo Loweruka lililonse ndine ndinkayatsa moto wa sauna, kanyumba kathu kosambiramo ndi nthunzi. Timapepalato tinkayaka bwino kwambiri, kuposa makungwa. Amayi ankabwera kudzasamba, n'kumayamikira kuti sauna yatentha bwino. Chitsiru chinaimba ng'oma, ochenjera navina, ndipo amene anavina zaka zitatu ndine.

Amayi anamwalira mu Malichi 1936 ndi chibayo. Dzulo lake masana, ndikuwamwetsa mkaka wotentha, anandigwira pamkono.

"Mabokosi aja apita?"

"Apita sabata yamawa, amayi."

"Onse? Ndi a ukonde aja?"

"Onse."

Anatseka maso akumwetulira. Bodza limenelo ndimagona nalo mpaka lero.

Verneri anatumiza mabokosi anayi a nsapato ndi kalata yotalika kuposa ulaliki wa Lachisanu Loyera, yofotokoza mmene iye anapulumutsira chinenero choyera cha makolo. Kenako anasoketsa suti yatsopano, poyembekezera kuti am'patsa mendulo. Sabata iliyonse ankafunsa kupositi, mpaka mayi wa kupositi ankangopukusa mutu akamuona pawindo.

Yankho linabwera patatha chaka, kumayambiriro kwa Juni. Linalembedwa ndi munthu wina wa kubungweko amene anasaina kuti S. Peura. Verneri anayamba kuliwerenga mokweza ataima pakati pa khitchini, koma mawu anayamba kuchepa, kenako anasiya kalatayo patebulo n'kupita kukalasi. Ndinaitola n'kuwerenga ndekha.

A Peura anathokoza, koma anati akudabwa kuti mudzi wa asodzi ulibe mawu a bwato ndi ukonde. Ndiye anati m'kapepala kena konena za mphepo, mkati mwa chiganizo, apezamo liwu la chingwe cha kunsi kwa ukonde. Mpeti wathu analidumpha chifukwa linabisala pakati pa anzake. Liwulo, anatero, analimvapo pa chilumba chimodzi chokha cha ku Esitoniya. Likhoza kukhala limodzi mwa mawu amene makolo athu anatenga kwa makolo a Aswidishi ndi Ajeremani zaka zoposa zikwi ziwiri zapitazo, pamene ife, Aesitoniya ndi Akareliya tinkayankhula chinenero chimodzi. Chinenero chimenecho palibe amene anachilemba. Ophunzira amachilumikiza poyerekeza zimene zinatsala m'kamwa mwa anthu, uku chidutswa, uko chidutswa. Ngati a Serafiia anali ndi liwu limodzi lotere, ndiye kuti anali ndi ambiri, ndipo mwina aphunzitsi ali ndi timapepala tina timene sanatumize. Anati abwera okha kumapeto kwa mweziwo kudzatiwona.

Munthu wamanyazi akanalemba kalata yopepesa. Verneri anali ndi masabata atatu, ndipo sukulu inali yotseka. Anadzitsekera m'kalasi ndi dikishonale ya Chiswidishi ya bambo ake, yomwe anandiuza kale kuti anaiponya m'nyanja. Ankatenga liwu la Chiswidishi, n'kulidula mutu, n'kulimata mchira wa Chifinishi, n'kulemba pansi pake dzina la amayi anga. Anapanga timapepala mazana awiri. Anatiyanika pawindo kuti inki ifwifwe, tina anatidonthezera khofi. Pa moyo wake wonse sindinamuonepo akugwira ntchito mwakhama chonchi.

"Mukuwanamizira amayi ali m'manda?" ndinamufunsa nditam'pezerera.

"Sindikupeka, ndikukumbukira."

"Mukukumbukira kuchokera m'buku la bambo anu?"

"Iwe Hilja, tamvera. Akakufunsa ungoti inde, basi. Dzina la amayi ako lilowa m'buku monga ankafunira. Si zimene unawalonjeza? Kapena ukufuna ndikauze anthu amene ankayatsa moto?"

Anandigwira pachilonda, ndipo ankadziwa. Masiku otsalawo ndinkayenda ngati munthu wodwala malungo.

A Peura anatsika basi ya m'mawa. Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, wa magalasi okhuthala ndi nsapato zamatope. Verneri, amene anavala suti ija, anakhumudwa poona kuti ndi mkazi. Ankayembekezera pulofesa wa ndevu. Ndinaika patebulo khofi, buledi wakuda, batala ndi nsomba zamchere. Asanamwe n'komwe, mwamuna wanga anayamba ulaliki wake wa chinenero choyera chimene sichinapemphepo kanthu kwa munthu. Mayiyo anamvetsera mpaka anamaliza kudya buledi wake.

"Aphunzitsi, buledi ndadyayu timamutcha leipä," anatero mofatsa. "Dzina limenelo n'lobwereka. Mphete, munda, nkhuku, golide, zonsezo n'zobwereka kwa makolo a Aswidishi ndi Ajeremani. Mfumu ife timati kuningas, pafupifupi mmene makolo awo ankatchulira, pamene eniake anangotsala ndi kung. Tinawasungira bwino kuposa iwo. Ngakhale äiti."

"Ngakhale amayi?" Verneri anafunsa, khosi litafiira.

"Ngakhale amayi. Mukatipetera zonsezo tigona ndi njala, opanda mayi."

Ndikanakhala ndi mtima wabwino tsiku limenelo ndikanaseka. Verneri anathamangira kukatenga timapepala take, ati anatipeza m'kabati. A Peura anapukuta zala n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi. Anawerenga nthawi yaitali. Kena anakayang'ana padzuwa, kena anakanunkhiza. Kenako anavula magalasi.

"Mawu obwereka kalekale safanana chonchi ndi Chiswidishi cha lero," anatero. "Amakhala ataperepeseka, moti mpaka uchite kufufuza kuti uwazindikire. Awa akuwala ngati mpeni wogula dzulo. Koma anthu a pagombe amabwereka ndithu, ndiye sindingalumbire." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, inu munakulira pamiyendo pawo. Kodi amayi anu ankanena mawu awa? Ndikuuzeniretu. Ngati wolemba anaonjezerapo zake, mabokosi anayi aja sitingawagwiritsenso ntchito, chifukwa sitingadziwe kuti a Serafiia athera pati, aphunzitsi ayambira pati."

Pansi pa tebulo nsapato ya Verneri inandiponda chala. Ndikati inde, amayi alowa m'buku, koma akunena zinthu zimene sananene. Ndikati ayi, sadzalowamonso, ndipo mfundo zonse zija zapita pachabe. Ndinapempha a Peura kuti andiwerengere kamodzi. Anawerenga liwu lonyansa m'khutu, ndi chiganizo chake chakuti, "Msodzi wakhama amasamalira chingwe chake tsiku ndi tsiku." Amayi anga! Munthu amene sankamaliza chiganizo osatukwana mphepo, nkhosa kapena msodzi mwiniwake. Mwamuna uyu anakhala nawo nyengo zachisanu zisanu osawamva n'kamodzi komwe.

"Ayi," ndinatero. "Amayi sananenepo zimenezi. Awa mwamuna wangayu wawatola m'dikishonale mwezi uno. Enieniwo anawataya m'dengu la nkhuni, ndipo ndinayatsira moto ine."

"Mkazi wanga akadali pachisoni, mutu wake sukuyenda bwino," Verneri anatero msangamsanga. "Komanso mukudziwa mmene akazi..."

Anakumbukira mochedwa amene ankayankhula naye. A Peura sanamuyang'ane n'komwe. Anakankhira timapepala tabodzato pambali, n'kutulutsa m'chikwama tina tosalemba ndi pensulo.

"Ndiye tiyambe ndi inu, mayi. Zonse sizinapse, zina zili mwa inu. Ayezi woyamba uja, wopyapyala, amene amalira bwato likamadutsa, ankamutcha chiyani?"

Zoonadi, ndinali mwana wawo, ndinakulira m'mawu amenewo. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali liwu la m'buku la kalasi yachitatu.

"Limenelo n'la kusukulu," anatero a Peura. "Amayi anu ankati chiyani?"

Ndinkawaona amayi ataima pagombe, ataloza nyanja ndi chibwano, milomo ikugwedezeka. Ndinkamva ngakhale kupsa mtima kwawo. Koma liwulo panalibe. Anandifunsa za singano yosokera ukonde, za mwana wa nkhosa wokanidwa ndi mayi wake, za ubweya wa pamimba, za thabwa la kutsogolo kwa bwato. Ndinkangoti dikirani, lili pafupi, dikirani. Mayiyo anadikira moleza mtima pensulo ili m'manja, khofi mpaka anazizira. Zaka zisanu ndi zinayi za "sitinena choncho, Hilja" zinali zitagwira ntchito yake. Ndinalira pamaso pa mlendo, kulira kwenikweni, kwa mamina. Pamene basi ya madzulo inkaimba hutala, tinali titapeza mawu asanu ndi limodzi, ndipo awiri mwa iwo sindinali wotsimikiza.

Mabokosi anayi aja anabwerera pa positi mu Okutobala. Verneri anawakweza kudenga n'kuuza mudzi wonse kuti ku Helsinki kwadzaza Aswidishi ansanje amene sakufuna kuti ntchito ya mphunzitsi wa kumudzi ioneke. Anthu anamukhulupirira, popeza anali ndi suti. Anapitiriza kuimika ana pakona zaka zina makumi awiri. Kwa ine sanapepese, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso, kupatula tsiku lina pamene ananena kuti anandikhululukira.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mu 1950, a Peura ananditumizira kabuku kawo konena za mawu akale obwereka a m'mbali mwa nyanja. Ndinakatsegula ndili chiimire pakhomo. Kumapeto kunali mndandanda wa anthu amene anawapatsa mawu, midzi ndi midzi, nkhalamba zokhazokha. Ndinatsika ndi chala mpaka pa Luotokylä. Panali mzere umodzi wakuti, "Hilja S., mkazi wa mphunzitsi, mawu anayi." Ndinawerenga mndandandawo katatu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dzina la amayi munalibe.

Verneri anandilanda kabukuko m'manja, n'kuwerenga mzerewo, n'kuvala chipewa. Anapita nako kusitolo kukaonetsa asodzi kuti banja lake lalowa m'buku la anthu ophunzira.